Mafunso ndi mayankho: kugula, kusamala ndi kugulitsa galimoto ya ku Japan kuno ku Malawi

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zikuyenda m'misewu mwathu, ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ma Axio, ma Mira ndi zinzake, zinayamba zayenda ku Japan zisanabwere kuno. Zinapangidwira misewu yosalala, mafuta abwino ndi eni ake osaphonya sevisi. Zikafika kuno zimakumana ndi maenje, fumbi, kutentha ndi katundu wambiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni galimoto zoterezi amafunsa mobwerezabwereza.

Ndasonkhanitsa ndalama yokwana kugula galimoto. Kodi ndiye kuti ndakonzeka?

Ngati ndalamayo ikuthera pa mtengo wogulira, simunakonzeke. Mwezi woyamba womwewo pamafunika inshulansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), kusintha umwini kapena kulembetsa, sevisi yoyamba, ndipo kawirikawiri matayala. Kenako pamabwera za mwezi ndi mwezi: mafuta, ndalama ya pa tollgate ya Chingeni kapena Kalinyeke ngati mumayenda mu M1, ndi tizinthu tina tomwe timangofa tokha. Zipangizo pafupifupi zonse zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa nazonso zimakwera. Amene anali ndi galimoto mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mtengo wa tayala unadumphira. Ndi bwino kugula galimoto yotsikirapo pa imene mumaifuna n'kutsala ndi kenakake m'thumba.

Ndiitanitse ku Japan kapena ndigule yoyenda kale kuno?

Yoitanitsa imakhala isanalawe misewu yathu, ndipo simulowa m'mavuto a mapepala a munthu wina. Koma mumalipira musanaione, mumadikira milungu ingapo kuti sitima ifike, ndipo pamafunika ndalama zakunja zomwe sizipezeka mosavuta m'mabanki. Zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe ku Karonga. Zina zimadzera ku Beira kapena ku Durban. Mtengo umene mukuuona pa intaneti, kaya pa BE FORWARD kaya pa SBT, muonetsetse ngati ndi FOB, kutanthauza galimoto yokha ili padoko la ku Japan, kapena CIF, umene waphatikiza sitima ndi inshulansi ya panyanja mpaka padoko lotsikira. Ngakhale CIF siphatikiza ndalama za padoko, za ejenti, za dalaivala ndi mafuta ochokera ku Dar, kapena msonkho.

Yogula kuno mumaiona, mumaiyendetsa, mumapita nayo kwa makaniko. Vuto lake ndi loti mwini wake amadziwa chimene akuigulitsira, inu simudziwa. Za zoyenera kuyang'ana, onani funso la kugula kwa munthu m'munsimu.

Msonkho wa MRA umawerengedwa bwanji?

Pali misonkho itatu yosanjikizana: import duty, excise ndi VAT. Zimene zimakweza kwambiri ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Injini yaikulu, msonkho waukulu. Galimoto yakale kwambiri nayonso imalipitsidwa excise yokwera, ndiye ija imaoneka yotchipa pa intaneti ija ikhoza kudzakhala yodula pa Songwe. Malamulo ake amasintha nthawi ya bajeti, choncho musadalire zimene mnzanu analipira chaka chatha. Musanatumize ndalama ku Japan, tengani dzina la galimoto, chaka chake ndi ma cc ake (kukula kwa injini) mukafunse ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka. Mukalipira, sungani risiti ndi mapepala onse a kasitomu. Amafunika polembetsa, ndipo tsiku logulitsa amakupulumutsani ku mafunso.

Ndi mapepala ati amene galimoto iyenera kukhala nawo?

Blue book, yomwe ndi umboni wa umwini. COF, yosonyeza kuti galimoto yayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Inshulansi. Ndiye inuyo laisensi yogwirizana ndi mtundu wa galimotoyo. Zonsezi, kupatula inshulansi, zimachokera ku Road Traffic, ndipo kuti muthandizidwe mu makina awo a MalTIS muyenera kukhala ndi traffic register card. COF ya galimoto yanuyanu imatha chaka, pamene ya galimoto zonyamula anthu polipiritsa imatha miyezi 6. Blue book isiyeni kunyumba, musamayende nayo m'galimoto. Wakuba akapeza galimoto ndi blue book pamodzi, mwamufupikitsira ntchito.

Panja pa maofesiwa pamakhala madobadoba olonjeza kukutulutsirani COF galimoto isanayesedwe n'komwe. Pepala lotero likhoza kudzapezeka kuti mu makina mulibe, ndipo amene adzayankhe pa roadblock ndinu, osati dobadobayo.

Third party ndi comprehensive zikusiyana pati?

Third party ndi imene lamulo limakakamiza. Imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, mpaka pa malire a ndalama amene alembedwa mu mgwirizano wanu wa inshulansi. Galimoto yanu siikhudza ayi, mudzakonza nokha. Comprehensive imaphatikizapo galimoto yanu ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa.

Zinthu ziwiri zimene anthu amadzidzimuka nazo mochedwa ndi izi. Choyamba ndi excess, gawo limene mumalipira nokha pa claim iliyonse. Chachiwiri ndi mtengo umene munalembetsa: ngati munaika mtengo wa zaka zitatu zapitazo ndipo simunaukweze, galimoto ikatheratu ndalama imene mudzalandire siidzagula inzake. Komanso Sienta yolembedwa kuti ndi yapabanja koma ikunyamula anthu pakati pa Lilongwe ndi Mchinji, kampani ili ndi chifukwa chokanira kulipira.

Galimoto yangofika kumene kuchokera ku Japan. Ndiyambe n'chiyani?

Sinthani oilo wa injini ndi fyuluta yake, fyuluta ya mpweya, ndipo makaniko aone mafuta a giyabokosi, a mabuleki ndi madzi a mu radiyeta. Simukudziwa kuti inakhala nthawi yaitali bwanji pa yadi, ndipo yangoyenda mtunda wautali kuchokera kudoko m'manja mwa dalaivala wothamangira kubwerera.

Kenako yang'anani matayala. Zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, olembedwa STUDLESS m'mbali. Amaoneka okongola, mano ake akuya, koma mphira wake ndi wofewa. Pa phula lotentha la ku Salima kapena ku Chikwawa amadyeka msanga ndipo sagwira bwino mukaponda mabuleki mwadzidzidzi. Tsegulaninso kumbuyo muone ngati muli sipeya, jeke ndi sipanala ya mawilo. Zina za masiku ano zimabwera ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi, zimene sizingakuthandizeni tayala likang'ambika pa dzenje pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa.

Manambala olembedwa m'mbali mwa tayala amatanthauza chiyani?

Titenge 175/65 R14 82S. 175 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. 65 akutanthauza kuti kutalika kwa khoma lake ndi 65 peresenti ya kufutukukako. R14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. 82 ndi nambala ya kulemera kumene tayala limodzi lingasenze, pano makilogalamu 475, ndipo S ndi liwiro lomaliza limene lingapirire, makilomita 180 pa ola.

Nambala imene ambiri saidziwa ndi ya tsiku lopangidwa. Ndi manambala anayi, nthawi zambiri ali m'kabwalo kosongoka pang'ono kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa mu sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mphira umakalamba ngakhale tayala lisakuyenda. Likapitirira zaka 5 kapena 6 liyenera kuyang'aniridwa kwambiri, ndipo la zaka 10 n'lotaya ngakhale mano alipo.

Pa misewu yathu khoma lalitali ndi bwenzi lanu. Anyamata amakonda malimu aakulu a matayala opyapyala chifukwa galimoto imaoneka bwino, koma dzenje limodzi limapinda limu n'kudula tayala nthawi imodzi.

Ndizipopa mpweya wochuluka bwanji?

Osati umene wopopayo wazolowera, ndiponso osati nambala ya MAX PRESS imene ili pa tayala, chifukwa imeneyo ndi malire. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chipilala pali kapepala kosonyeza mpweya wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Za ku Japan zimalemba mu kPa. 230 kPa ndi chimodzimodzi 2.3 bar, kapena pafupifupi 33 psi. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa milungu iwiri, ndiponso musanayambe ulendo wautali.

Anthu ambiri amaopa mpweya wochuluka kuti tayala liphulika, ndiye amachepetsa kukatentha. Zoona zake n'zakuti limene limaphulika kawirikawiri ndi la mpweya wochepa. Khoma lake limapindikapindika poyenda, limatentha, ulusi wa mkati n'kulekana. Muonjezerepo anthu asanu ndi matumba awiri a chimanga, zimathera m'tchire. Kasipeya kakang'ono kaja kamafuna mpweya wambiri, 420 kPa, ndipo sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Ntchito yake ndi kukufikitsani kwa womata basi.

Matayala a kaunjika ndi abwino?

Sindingawayamikire, koma ndikudziwa kuti thumba ndi limene limalamula. Ngati mukugula, werengani chaka monga tafotokozera pamwambapa, ndipo liwoneni lisanalowe pa limu. Pisani dzanja mkati mufufuze zigamba, makamaka cha m'mbali. Pindani khoma muone ngati likutuluka ming'alu. M'mizere ya mano muli timizere topingasa, tokwera mamilimita 1.6. Mano akafanana nato, tayala latha. Chenjeraninso ndi matayala osemedwa mano atsopano ndi mpeni wamoto: mizere yake siikhala yofanana, ndipo pansi pake pamatsala mphira wochepa kwambiri.

Werengerani mtengo pa mtunda, osati pa tsiku logula. La kaunjika lotha miyezi inayi, mukagula katatu mwadutsa mtengo wa latsopano. Ndipo mukagula awiri okha atsopano, opanga matayala amalangiza kuti apite kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi mawilo akutsogolo. Kumbuyo kukaterereka pa msewu wonyowa galimoto imazungulira, ndipo chiwongolero sichithandizanso.

Tayala labowoka. Kodi lililonse lingamatidwe?

Msomali wolowa pakati, pamene pamaponda pansi, umamatika bwinobwino. Kachingwe kolowetsa pabowo kuchokera kunja kaja kamakufikitsani, koma kumata kodalirika ndi kochotsa tayala pa limu n'kuika chigamba mkati. Bowo la m'khoma kapena la pa phewa la tayala silimatika, ngakhale womatayo alumbire. Chotupa m'mbali chimatanthauza kuti ulusi wa mkati waduka, nthawi zambiri chifukwa cha dzenje, ndipo kuika chubu mkati sikubweza ulusiwo. Limenelo lichotseni lero.

Matayala akudyeka mbali imodzi, chiwongolero chikunjenjemera. Chavuta n'chiyani?

Kudyeka mbali imodzi, kapena galimoto kukokera kumanzere kapena kumanja, ndi alignment, kutanthauza kuti mawilo sanalunjike bwino. Kunjenjemera kumene kumayamba pa liwiro lina lake, mwina 80 mpaka 100, n'kusiya mukachepetsa, ndi balancing (wilo likulemera mbali imodzi) kapena limu yopindika. Kukamabwera pokhapokha mwaponda mabuleki, ndi ma disc a mabulekiwo. Koma musathamangire alignment musanaonetse mabushi, ma ball joint, ma tie rod end ndi mashoka. Ngati zimenezi zatha, alignment imasokonekeranso musanafike kunyumba, ndalama yapita. Kudyeka pakati pokha ndi mpweya wochuluka, m'mbali zonse ziwiri ndi mpweya wochepa.

Sevisi ndizipanga pakapita nthawi yotani, ndipo oilo wabwino ndi uti?

Chifukwa cha fumbi, kutentha ndi maulendo afupiafupi a m'tauni, makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana, ndi muyezo wabwino. Fyuluta ya oilo isinthidwe nthawi iliyonse. Ya mpweya muziitsegula nokha m'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa.

Injini zing'onozing'ono monga 1KR ya mu Passo ndi Vitz, kapena 1NZ ya mu Axio, Probox ndi Sienta, zinapangidwira oilo wopepuka, 0W-20 kapena 5W-30. Chizolowezi chothira 20W-50 m'galimoto iliyonse chinachokera ku injini zakale. Mu injini zimenezi, zotchedwa VVT-i, oilo amadutsa m'timipata ting'onoting'ono, ndipo wolemera amachedwa kufika m'mawa poliza, pamene injini imadyeka kwambiri. Injini yokalamba yomwe yayamba kumwa oilo mukhoza kuikwezera pang'ono, monga 10W-40. Gulani wotseka m'chigubu chake pamalo odziwika. Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu simudziwa kuti wachokera mu injini ya yani.

Injini ziwiri tatchulazi zili ndi tcheni, osati timing belt. Ngati yanu ili ndi lamba, amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo ku Japan amakonda kumata kapepala pa injini kosonyeza pamene anasinthira.

Makaniko akuti mafuta a giyabokosi ya otomatiki ndi amodzi. Zoona?

Ayi, ndipo apa ndi pamene magiyabokosi ambiri afera. Galimoto zambiri za masiku ano, Nissan Note, Honda Fit, Vitz, Sienta ndi zina, zili ndi CVT, yomwe mkati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri m'malo mwa magiya. Imafuna mafuta akeake. Toyota imafuna CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka, Nissan NS-2 kapena NS-3, Honda HMMF kapena HCF-2. Mukathira ATF, mafuta wamba ofiira a otomatiki aja, lambayo amayamba kuterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, kenako imangolira osayenda. Kukonza CVT kuno n'kovuta. Ambiri amangogula giyabokosi ina ya kaunjika, yomwenso mbiri yake saidziwa. Pitani nokha kukagula mafutawo, muwerenge chigubu, muime pomwepo akamathira.

CVT siikondanso kukoka galimoto inzake kapena kulimbana ndi matope kwa nthawi yaitali. Mukatitimira, funani anthu akukankheni.

Galimoto ikuwira. Akuti tichotse thermostat chifukwa kuno n'kotentha. Ndilole?

Musalole. Thermostat ndi kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku radiyeta. Siiwiritsa galimoto pokhapokha ngati yafa itatseka, ndipo mankhwala ake ndi kugula ina. Mukaichotsa, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, kompyuta imaganiza kuti kukadali kozizira n'kumathira mafuta ambiri, ndipo chimene chimawiritsacho chikadalipo. Kawirikawiri chimakhala radiyeta yotsekeka, chitsekero chake chotha mphamvu, fani yosazungulira, water pump, kapena paipi yodontha.

Muzithira coolant, osati madzi a pampopi kapena a pa mjigo okha. Madzi amenewa amasiya dzimbiri ndi miyala m'timapaipi ta radiyeta. Ikawira muli pamsewu, imani, zimitsani, dikirani izizire. Musatsegule chitsekero ikadali yamoto, madzi ake amathovokera kumaso. Kuikakamiza kuti mungofika pa trading centre yotsatira ndi kumene kumapsereza gasket, ndipo mukaona oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti zafika pamenepo.

Pa dashboard payaka nyali. Ndiime kapena ndipitirire?

Yofiira imatanthauza imani. Ya oilo, yooneka ngati kaketulo, zimitsani injini nthawi yomweyo, chifukwa mphindi zochepa zokha zimakwana kuipha. Ya batire imasonyeza kuti alternator siikutchaja. Onani ngati lamba sanaduke, pakuti pa injini zambiri lamba yemweyo amazunguzanso water pump. Yachikasu ya check engine, ngati galimoto ikuyenda bwino, mukhoza kufika nayo kwa wa kompyuta. Ikamathwanima, chepetsani liwiro ndipo musapite nayo patali. Kanyali ka buluu kapena kobiriwira kooneka m'mawa mu Vitz kapena Passo si vuto, kakungonena kuti injini sinatenthe.

Makina a kompyuta amangonena dera limene kuli vuto. Akatchula oxygen sensor sindiye kuti sensayo yafa, mwina ndi waya chabe. Wongofufuta nyaliyo n'kukulipiritsani sanakonze kanthu.

Potsika phiri mabuleki amanunkha n'kufooka. Ndichite chiyani?

Potsetsereka pa Chiweta, pa msewu wa Golomoti kapena potsikira ku Chikwawa, musagone pa buleki. Ikani giya yotsika, injini ikugwirireni. Pa otomatiki gwiritsani 2 kapena L, pa CVT ndi S kapena B. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, kuti mapadi apume. Kutsika pa N pofuna kupulumutsa mafuta n'koopsa, ndiponso sikupulumutsa kanthu, chifukwa injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi galimoto ili mu giya. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba amawira msanga, ndiye asintheni pa zaka ziwiri zilizonse.

Galimoto yanga yayamba kumwa mafuta. Ndiyambire pati?

Yambani mwayeza. Dzazani thanki, ikani trip pa 0, yendani, dzazaninso, mugawe makilomita ndi malita amene alowa. Kuyeza ndi ndalama kumasokoneza, chifukwa MERA ikakweza mtengo ndalama yomweyo imagula malita ochepa. Ngati ikumwadi, onani mpweya wa matayala, fyuluta ya mpweya, mapulagi, mabuleki ogwira, ndi thermostat monga tanenera. Mzere wa magalimoto wa m'mawa ku Lilongwe kapena pa Chipembere Highway nawonso umadya mafuta popanda cholakwika chilichonse.

Mafuta akasowa, a m'zigubu amakopa. Kuonjezera pa kudula, ena amasakanizidwa ndi parafini kapena amakhala ndi madzi ndi zinyalala, zimene zimapha pampu ndi ma injector. Pampu ya mafuta imakhala m'thanki momwemo ndipo imaziziritsidwa ndi mafutawo, choncho kuyenda nyali ya mafuta ili chiyakire tsiku ndi tsiku kumaifupikitsira moyo.

Makaniko wabwino ndimudziwa bwanji, nanga zipangizo ndigule kuti?

Wabwino amafunsa mafunso, amayendetsa galimoto kuti amve yekha, ndipo amakuuzani chimene chafa ndi chifukwa chake asanamasule kanthu. Wongoti tiyese kusintha ichi, chikakanika tiyese icho, akuphunzirira pa ndalama zanu. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, musapereke yonse patsogolo, ndipo nenani kuti zipangizo zakale mudzazitenga. Galimoto isagone pa galaja masiku ambiri popanda chifukwa. Pansi pake pali catalytic converter, yoyeretsa utsi wa mu ekizozi, yomwe ili ndi msika, ndipo ena azindikira kuti inachotsedwa atamva kulira kwachilendo kwa ekizozi.

Zipangizo zimapezeka ku Biwi ndi ku Malangalanga mu Lilongwe, ku Limbe ndi ku Ndirande mu Blantyre, ndi m'mashopu a ku Mzuzu. Popita tengani nambala ya chassis, monga NCP81 ya Sienta yakale, chifukwa dzina lokha silikwanira: Vitz zilipo za injini zosiyanasiyana. Chitseko, nyali kapena galasi la kaunjika palibe vuto. Mapadi, malamba, ma ball joint ndi mafyuluta gulani zatsopano.

Hybrid ingapirire kuno?

Aqua, Prius ndi Axio hybrid zikuyenda bwino, ndipo m'tauni zimapulumutsa mafuta kwambiri. Mdani wake ndi kutentha ndi fumbi. Batire yaikulu imaziziritsidwa ndi fani yokoka mpweya m'kati mwa galimoto, cha pa mpando wakumbuyo. Kamwa yakeyo isatsekedwe ndi katundu kapena nsalu, ndipo izitsukidwa. Musanagule, batire iyezedwe pa kompyuta, ndipo mudziwiretu mtengo wa ina. Mawaya a mtundu wa lalanje ndi a magetsi amphamvu, makaniko wosaphunzira za hybrid asawagwire. Ngati mumakhala kutali ndi mizinda ikuluikulu, galimoto wamba ya petulo siidzakusowetsani wokonza.

Wailesi ikungogwira masiteshoni awiri atatu. Yafa?

Ayi. Wailesi za ku Japan zakale zimalekezera pa 90 MHz, pamene masiteshoni athu amafika mpaka 108. Kachipangizo kotchedwa FM expander kamathandiza, kapena ingosinthani wailesiyo.

Ndikugula kwa munthu. Ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi mapepala, galimoto pambuyo. Dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chitupa cha amene akugulitsayo. Nambala ya chassis ya pa blue book ifanane ndi yodindidwa pa chitsulo cha galimoto, osati ya pa kapepala kokha, ndipo pozungulira pake pasaoneke powotcherera kapena popala. Akakuuzani kuti mwini wake ali ku Joni koma palibe vuto, vuto lilipo, chifukwa simudzatha kusintha umwini. Funsaninso ngati galimotoyo si chikole cha ngongole, ndiponso ngati inalowa yolipira msonkho wonse. Zina zinalowa mwa duty free ndipo MRA ikhoza kufuna msonkho wake zikagulitsidwa.

Kaoneni masana, injini ili yozizira. Wogulitsa amene mwamupeza wailiza kale mwina akubisa kuvuta kulira kapena utsi wa m'mawa. Utsi wa buluu ndi oilo, woyera wosatha ndi madzi. Potembenuza kiyi nyali zonse ziyake kenako zizime. Ya check engine kapena ya airbag ikapanda kuyaka n'komwe, wina anaichotsa babu. Yang'anani mipata ya zitseko ndi boneti ngati ikufanana, ndi penti yosiyana maonekedwe. Kwezani kapeti ya kumbuyo muone ngati chitsulo chinawongoledwapo. Iyendetseni pa phula, pa msewu wa fumbi ndi pa chitunda, wailesi itazima. Bwerani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa.

Makilomita a pa dashboard ndingawakhulupirire?

Osati okha. Kubweza mileage n'kosavuta masiku ano. Yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala. Pa yochokera ku Japan pemphani export certificate, imene imasonyeza makilomita amene analembedwa pamene galimoto inkayesedwa kumeneko, ndi auction sheet, pepala la ku okishoni kumene inagulitsidwa, ngati ilipo. Pa pepala limeneli giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofooka, ndipo R ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Ndagulitsa galimoto. Kulemberana kalata n'kokwanira?

Sikokwanira. Malinga ngati umwini sunasinthidwe ku Road Traffic, m'makina galimotoyo ndi yanu. Ikagunda munthu n'kuthawa, kapena ikagwidwa ndi katundu woletsedwa, apolisi adzayambira pakhomo panu. Pitani limodzi ndi wogulayo, aliyense ndi traffic register card yake, mukamalize zosintha umwini. Kalata ya mgwirizano ilembedwebe, yokhala ndi nambala ya galimoto, ya chassis, mtengo, tsiku ndi mboni, ndipo dziwitsani a inshulansi.

Makiyi ndi blue book ziperekedwe ndalama zitaoneka mu akaunti yanu, mutafunsa ku banki kapena mutaona nokha pa foni yanu. Uthenga wokutumizirani wogulayo kapena chithunzi cha risiti si ndalama. Wofuna kuyesa galimoto musamusiye apite yekha. Za kulipira pang'onopang'ono, makamaka kwa wachibale, ganizani kawiri: galimoto ikafa asanamalize, ngongole imasanduka mlandu wa pabanja.

Ndachita ngozi. Choyamba n'chiyani?

Imani, yatsani mahazadi, ikani ma triangle kutsogolo ndi kumbuyo, thandizani ovulala. Jambulani zithunzi galimoto zisanasunthidwe, ndi disiki ya inshulansi ya mnzanuyo. Dziwitsani apolisi, chifukwa popanda lipoti lawo a inshulansi sakuthandizani, ndipo kampani yanu iuzeni msanga, musanayambe kukonza. Kugwirizana pamsewu kumatheka pa kukalika kwa penti, koma pakavulala munthu musayerekeze. Ngati anthu akusonkhana mwaukali ndipo moyo wanu uli pachiswe, pitani molunjika ku polisi yapafupi mukadzinene nokha.

Ndingapite nayo ku Zambia kapena ku Mozambique?

Inde, mutanyamula blue book yeniyeni, laisensi, ndi kalata ya chilolezo ngati galimoto siili m'dzina lanu kapena ndi ya ngongole ya banki. Pa chipata mumalemba mapepala otulutsira galimoto kwa kanthawi, ndipo mbali inayo olowetsera. Inshulansi ya kuno siigwira ntchito kunja. Ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania mukhoza kugwiritsa COMESA Yellow Card, yomwe mumagula ku kampani yanu ya inshulansi musananyamuke. Podutsa ku Mozambique, kaya pa Mwanza kaya pa Dedza, konzekerani kugula third party ya kumeneko pa chipata, ndipo m'galimoto mukhale ma triangle awiri ndi jekete yonyezimira, chifukwa apolisi a mu msewu wa ku Tete amazifunsa.